Sipuling'i ikamasenza chopendekeka: mmene mungayesere kulimba kwake

Taxi ina inalowa pagalaja pathu m'mawa wina wa dzinja itapendama ngati munthu wovala nsapato imodzi. Dalaivala asanazimitse n'komwe injini anali atayamba kale kudandaula: "Madala, yakumanzere ija yathyokanso. Kawiri chaka chisanathe!" Titakweza ndi jeke n'kuchotsa tayala, tinapeza kachidutswa ka sipuling'i kotalika ngati chala kali gone m'matope ouma a m'mbale yapansi, chitsulo chimene sipuling'i imakhalapo. Inzake yakumanja, yogulidwa tsiku lomwelo m'sitolo yomweyo, inalibe chilema. Chitsulo chimodzi, msewu umodzi, katundu yemweyo. Kusiyana kunali kakhalidwe kake m'mbale basi. Amene anaimanga anatembenuza mbale yapamwamba, kamuvi kake n'kuloza kolakwika, ndipo nsonga ya waya sinafike m'kamphako komwe imayenera kutsamira. Sipuling'iyo inkasenza galimoto chopendekeka.

Amene anatungako madzi akudziwa. Ndowa ikakhala pakati pa nkhata mumafika nayo kunyumba mukucheza. Ikasendera chala chimodzi chokha kumbali, kulemera n'komweko koma khosi limayamba kuwawa mbali imodzi musanafike patali. Zimene ndikufotokoza pano ndi njira yoyezera kusenderako ndi kuona kuti kumadula bwanji moyo wa sipuling'i. Ndalembera ophunzira za umisiri amene akufuna ntchito yomalizira maphunziro, kaya ku yunivesite ya MUBAS kaya m'makoleji a ntchito zamanja, komanso amakaniko amene ali ndi pulesi, makina owotcherera ndi chidwi.

Mphamvu ya cham'mbaliyi imachokera kuti

Ambiri amaganiza kuti mphamvu yokankha sipuling'i cham'mbali ndi ija imabwera galimoto ikamakhota. Yambiri ya imeneyo imadutsa mumkono wapansi, m'mabushi ndi m'ndodo ya shock, sipuling'i imangolawako. Imene imaivutitsa imabadwa chifukwa mbale ziwiri zoigwira sizikhala zoyang'anizana ndendende nthawi zonse.

Tengani kutsogolo kwa magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta ndi Fit. Onsewa ali ndi strut (shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi) ya mtundu wa MacPherson, dzina lochokera kwa Earle MacPherson, katswiri wa ku America, ndipo inayamba kufala ndi magalimoto a Ford a ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Tayala limaponda pansi chakunja, pamene strut imamangidwa kubodi chamkati. Choncho mphamvu yochokera pansi siyenda motsata ndodo ya shock, imafuna kuipinda. Ndodoyo ikapindidwa imakhulana ndi chibowo chake, imadyeka mbali imodzi, mafuta n'kuyamba kudontha. Pofuna kuthetsa zimenezi opanga magalimoto amapendeketsa dala mbale yapansi kapena kuisendezera kunja, ndipo makampani ena opanga masipuling'i, monga Mubea ya ku Germany, amapanga masipuling'i opindika ngati nthochi akakhala osapanikizidwa, oti akamangidwa amawongoka n'kumakankha cham'mbali. Apa mukuona kuti kupendekeka kwina n'kofunika. Shock imapuma, koma amene amalipira ndi waya wa sipuling'i, ndipo wopanga amakhala atawerengera malipirowo. Vuto ndi kupendekeka kowonjezera komwe palibe anawerengera.

Kumbuyo nkhani ndi ina pang'ono. Sipuling'i imakhala pamkono kapena pachitsulo cholumikiza matayala awiri, chimene chimayenda mozungulira ngati chitseko. Galimoto ikamatsika mbale yapansi imapendekeka n'kusendera, ndipo ikadzazidwa matumba a chimanga mpaka kugunda pansi, kupendekekako kumafika pachimake nthawi yomweyo imene katundu wafikanso pachimake. Masipuling'i amapale a malole ndi mapikapu ndawasiya, chifukwa iwo amagwiranso ntchito yogwira ekiselo ndipo mayeso ake ndi ena.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanadule chitsulo chilichonse, werengerani. Waya wa sipuling'i sapindidwa ayi, amapotoledwa ngati mmene mumafinyira chovala chonyowa. Mphamvu yopotolayo ndi katundu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pamzere wa katunduyo kufika pawaya.

Yezani zinthu zitatu: kunenepa kwa waya, d, kutambalala kwa sipuling'i kuchokera pakati pa waya mbali ino kufika pakati pa waya mbali inayo, D, ndi mikombero imene imagwiradi ntchito, n, osawerengera yakumapeto yogona m'mbale. Tiyerekeze kuti d ndi 12 mm, D ndi 120 mm, n ndi 5. Kuuma kwa sipuling'i ndi G × d⁴ ÷ (8 × D³ × n), ndipo G, nambala yoonetsa kuuma kwa chitsulo chikamapotoledwa, pa chitsulo cha masipuling'i ndi pafupifupi 79,000 N/mm² (N ndi newton, muyezo wa mphamvu). Yankho likutuluka 23.7 N pa milimita iliyonse. Kuti isenze 4,000 N, amene ndi makilogalamu pafupifupi 408, iyenera kufupika ndi 169 mm.

Kuvutika kwa chitsulo mkati mwa waya, kumene akatswiri amati stress, ndi 8 × F × D ÷ (π × d³), F kukhala katundu, kenako n'kuchulukitsa ndi nambala ya Wahl, imene imawerengera zoti mbali ya waya yoyang'ana mkati mwa mkombero imavutika kuposa yakunja. Pa sipuling'i yathuyi D ÷ d ndi 10, nambala ya Wahl ndi 1.145, ndipo pa 4,000 N stress ndi 810 MPa, kutanthauza 810 N/mm².

Tsopano sendezani katundu ndi 15 mm. Mbali imodzi mtunda uja wachoka pa 60 mm kufika pa 75 mm, mbali inayo watsika kufika pa 45 mm. Waya wa mbali yakutaliyo akuvutika moposa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kuchoka pa 810 kudutsa 1,000 MPa, chikhalirecho galimoto sinawonjezere ngakhale kilogalamu imodzi. Uku n'kuwerengera kwachidule, koma kukukwanirani kuti mudziwe mbali yoti muziyang'anitsitsa: mbali imene katundu wathawako ndiyo yovutika, osati imene wasenderako. Ophunzira ambiri amasokoneza pamenepa.

Kusankha masipuling'i oyesa

Gulani atsopano, a mtundu umodzi, nambala imodzi, makamaka a katoni imodzi. Akale a pamsika wa zipangizo asiyeni, ngakhale akuoneka bwino chotani, chifukwa simudziwa kuti anayenda maulendo angati ndipo zotsatira zake zidzakhala za mbiri yawo, osati za mayeso anu.

Sipuling'i imodzi siuza kanthu. Masipuling'i awiri amapasa, oyesedwa mofanana ndendende, wina akhoza kukhala kawiri kuposa mnzake, chifukwa mng'alu umayambira pa kachilema kosaoneka ndi maso kamene kali apa pa uyu ndipo palibe pa uyo. Ine ndimafuna asanu ndi imodzi pagulu lililonse. Ndalama zikavuta chepetsani magulu, osati masipuling'i a pagulu. Magulu atatu ndi okwanira: loyamba lokhala mmene wopanga galimoto anafunira, lachiwiri losendezedwa 10 mm, lachitatu losendezedwa 20 mm. Lachinayi, la matope, ndilifotokoza patsogolo.

Iliyonse ipatseni nambala ndi penti, osati kukhoma ndi ponchi kapena kukanda ndi fayilo, chifukwa chipsera chotero ndiye chiyambi cha mng'alu. Lembani kutalika kwake isanapanikizidwe. Kenako jambulani mzere wa penti yoyera kutsika mbali imodzi, kuyambira pansonga ya waya yapansi. Mzere umenewu ndi 12 koloko wanu, ndipo chilichonse chimene mudzaone mudzachitchula potengera wotchi imeneyi. Sakanizani manambala m'chipewa potola oti alowe gulu lililonse, kuti dzanja lisasankhe okongola okhaokha kupita gulu limodzi.

Chinthu chimene sindilola kunyengerera ndi mbale. Dulani mbale yapansi pa strut yakale ya galimoto yomweyo, mutenge mbale yapamwamba ndi malabala ake, muyesere pa zimenezo. Mukaika sipuling'i pakati pa zitsulo ziwiri zafulati, nsonga ya waya imatsamira malo ena, mzere wa mphamvu n'kusuntha, ndipo mumathera sabata mukuyesa chinthu chimene sichipezeka m'galimoto iliyonse. Chenjezo limodzi podula: shock imakhala ndi mafuta ndipo yambiri ili ndi mpweya wopanikizidwa, choncho iboolereni kaye kabowo kakang'ono, maso mutatchinga, mpweya ndi mafuta zituluke musanayandikize girayinda.

Kupeza mzere wa mphamvu pa pulesi

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonse, ndipo silithyola sipuling'i iliyonse. Makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito zoyezera zodula zotha kumva mphamvu mbali zonse nthawi imodzi. Inu mukhoza kufika pafupi ndi ma load cell anayi, tizitsulo tija timakhala m'kati mwa sikelo za manambala, tolumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, kalikonse kudzera pa kabolodi kake ka HX711. Tengani atatu otha kusenza makilogalamu 500 aliyense, ndi mmodzi wocheperako.

Dulani chitsulo chochindikala, cha 15 mm kapena kuposa, kuti chisapindike. Pansi pake ikani atatu aja pa bwalo la 100 mm kuchokera pakati, otalikirana mofanana ngati mafuwa. Atcheni A, B ndi C, ndipo A akhale pa 12 koloko. Pamwamba pa chitsulocho mangani mbale yapansi ija, pakati pake pagwirizane ndi pakati pa bwalo. Zonsezi zikhale pa kathebulo koyenda pa mabering'i kolowera mbali imodzi, ndipo load cell yachinayi igone chopingasa kukatsekereza kuti kasayende. Imeneyo ndiyo ikuuzeni mphamvu ya cham'mbali.

Musakhulupirire manambala a pakompyuta musanawayese ndi kulemera kodziwika. Matumba a simenti a 50 kg amathandiza, lililonse ndi 490 N, bola muwapimitse kaye pa sikelo yodalirika chifukwa si onse amakwana. Sanjikani limodzi, awiri, atatu pakatikati, muone ngati A, B ndi C akugawana mofanana. Kenako ikani thumba limodzi pamalo amene mwayeza dala, mwachitsanzo 20 mm kulowera kwa A, muone ngati masamu akubweza 20 yemweyo. Akapanda kubweza, konzani zimenezo kaye.

Masamu ake ndi awa. Kusendera kolowera kwa A ndi 100 × (A − (B + C) ÷ 2) ÷ (A + B + C). Kusendera kopingasa ndi 86.6 × (B − C) ÷ (A + B + C). Tiyerekeze mwapanikiza mpaka 3,000 N, A akuti 1,300, B akuti 850, C akuti 850. Ndiye kuti mzere wa mphamvu ukuboola 15 mm kulowera kwa A, ndipo sunapatukire kwa B kapena kwa C. Ngati yachinayi ija ikuti 150 N, mzerewo wapendekeka ndi 150 pa 3,000, kutanthauza 1 mm pa 20 mm iliyonse yokwera. Sipuling'i ikakhala yotalika 200 mm panthawiyo, kumwamba mzerewo wasiyana ndi pansi ndi 10 mm. Popeza kathebulo kamayenda mbali imodzi yokha, tembenuzani mbale zonse ziwiri ndi sipuling'i yomwe pa kota ya bwalo n'kubwereza, kuti mumvenso mbali yopingasa.

Panikizani pang'onopang'ono, muziima pa 20 mm iliyonse n'kulemba manambala onse anayi, potsika ndi pokwera pomwe. Musadabwe kuona mzere ukuyendayenda ngakhale pa gulu loyamba lija. Mkombero wapansi umanka nugona m'mbale pamene katundu akukwera, malo otsamira amasintha, ndipo palibe sipuling'i imene imakankha mowongoka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Maulendo awiri kapena atatu oyambirira musawalembe, sipuling'i yatsopano imayamba yakhazikika kaye. Mukatha, sendezani mbale yapamwamba ndi 10 mm, kenako 20 mm, kulowera mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndipo lembani kuti ndi koloko yanji. Kusendezera kunsonga ya waya ndi kusendezera kotsutsana nayo sizipereka zotsatira zofanana. Pa 20 mm yang'anitsitsani ngati mimba ya sipuling'i ikutuluka mbali imodzi, kapena mikombero ikuyandikana mbali imodzi kuposa inayo. Pakati pake lowetsani kapepala kuti muone ngati yayamba kugundana.

Amene ali ndi mwayi wopeza ma strain gauge, tizipangizo tomata toyeza kukokeka kwa chitsulo, amate awiri pa mkombero wapakati, wina pa 12 koloko wina pa 6 koloko, mopingasa ndi madigiri 45 kutengera kumene waya akulowera, chifukwa chitsulo chopotoledwa chimakokeka kolowera kumeneko. Muchite pa sipuling'i yapadera yosalowa m'gulu lililonse, popeza muyenera kupala penti.

Isanayambe ntchito yothyola, mangani khola

Sipuling'i yathu ija ikapanikizidwa mpaka 5,000 N imasunga mphamvu yofanana ndi thumba la simenti logwa kuchokera pa mita imodzi, ndipo ikapulumuka mphamvu yonseyo imatulukira pa kachitsulo ka makilogalamu awiri. Yopendekeka ndiye imafuna kuthawa mwachibadwa. Ndinaonapo ina itapulumuka n'kuboola lata la denga, mnyamata amene anaima pafupi n'kukhala pansi osayankhula kwa kanthawi ndithu. Pisani ndodo yachitsulo kapena tcheni pakati pa sipuling'i mosakhudza waya, zungulizani makina onse ndi khola la waya wochindikala, ndipo switchi yozimitsira ikhale kunja, poti mwana wasukulu aliyense akhoza kuifikira.

Makina otopetsa chitsulo

Chitsulo chimatopa. Katundu amene sangachithyole kamodzi amachithyola akabwerezedwa kambirimbiri, monga waya wa mpanda amene mumathyola pomupinda uku ndi uku. Amene anayamba kuyeza zimenezi mwadongosolo ndi August Wöhler wa ku Germany, pa maekiselo a sitima zapamtunda m'zaka za m'ma 1860, ndipo mpaka lero chithunzi choonetsa katundu ndi kuchuluka kwa maulendo chimatchedwa ndi dzina lake.

Makina osavuta ndi a mtanda woyenda ngati katungwe wa ana wopendamira uku ndi uku. Mtanda wachitsulo umangidwe pakati, mota ya magetsi yokhala ndi giyabokosi iuyendetse kudzera pa shafuti yokhala ndi pini yosendera, ndipo kunsonga iliyonse kukhale sipuling'i imodzi. Ubwino wake ndi wakuti ina ikamapanikizidwa inzake ikubweza mphamvu, mota sivutika kwambiri, ndipo mukuyesa ziwiri nthawi imodzi paulendo wofanana. Koma nsonga ya mtanda imayenda mozungulira, ndiye ikadzakankha mbale mwachindunji idzabweretsa kupendekeka kwakekwake komwe simunakuitane. Mbale yapamwamba iyende m'njanji ziwiri zowongoka, mtanda uziikankha kudzera pa kamkono kokhala ndi mapini uku ndi uku. Mbale yapansi ikhale pa chitsulo cha mabowo aatali kuti muzitha kuisendeza n'kumanga ndi mabawuti.

Kutalika kwa ulendo, mtunda umene sipuling'i izitsika ndi kukwera, kutengeni pagalimoto. Yezani sipuling'i tayala likulendewera, muyezenso mtunda wotsala kuti ifike pa labala loletsa kugunda. Ulendo wa mayeso ukhale pafupifupi wonsewo. Pa chitsanzo chathu tinene kuchoka pa 1,000 N kufika pa 5,000 N, womwe ndi mtunda wa 169 mm, stress ikusewera pakati pa 200 ndi 1,010 MPa. Mukachita ulendo waufupi wonga wa pamsewu wosalala mudzadikira mwezi wathunthu popanda chothyoka. Masipuling'i a masiku ano amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza silicon ndi chromium, monga SAE 9254, ndipo khungu lake limawombedwa ndi timipira tachitsulo kuti likhale lofinyika, mng'alu uzivutika kutseguka. Ndi olimba zedi khungulo likadali lamoyo.

Liwiro likhale maulendo awiri pa sekondi, kutsika ndi kukwera kukhala ulendo umodzi. Pa ola ndi 7,200, pa tsiku lathunthu 172,800. Ikani malire, ine ndimaika 500,000, omwe ndi maola pafupifupi 70. Imene yafika pamenepo osathyoka ichotseni n'kulemba kuti yapulumuka.

Chowerengera maulendo chikhale cha makina, chija chodumpha nambala chikakankhidwa, osati chodalira magetsi chokha. Ulendo wanga woyamba ndinadalira cha pakompyuta. Magetsi anazima usiku wachiwiri, m'mawa ndinapeza mota ili zii, chowerengera chili pa ziro, ndipo masipuling'i awiri atsopano anangopita pachabe chifukwa sindikanatha kudziwa kuti ayenda maulendo angati. Ikaninso kaswitchi kozimitsa mota sipuling'i ikathyoka, apo ayi chowerengera chidzapitiriza kuwerenga maulendo a chitsulo chakufa kale.

Musamalize gulu limodzi kenako n'kuyamba lina. Sakanizani, ndipo muzisinthanitsa mbali za mtanda, kuti mabering'i akayamba kudyeka kapena mbali imodzi ikakhala yolemera pang'ono, chilemacho chigwere magulu onse mofanana. Pa maulendo 50,000 aliwonse imitsani makina. Onani ngati mabawuti a mbale sanasunthe, yezani kutalika kwa sipuling'i, yang'anani pomwe penti yayamba kunyuka, gwirani labala ngati likutentha. Pomwe mukukayika pukutani, thirani mankhwala ofiira ofufuzira ming'alu, dikirani mphindi khumi, pukutaninso n'kupopera mankhwala oyera amene amayendera limodzi ndi ofiirawo. Mng'alu umaonekera ngati kaulusi kofiira.

Gulu la matope

Masipuling'i ambiri amene ndachotsa m'magalimoto sanathyokere pakati pomwe masamu amaloza. Anathyokera pansi, mkombero woyamba usanathe kapena utangotha, pomwe waya amanyamuka kuchoka m'mbale. Kupendekeka kumachititsa kuti pamenepo waya azisisitika paulendo uliwonse. Mchenga ukalowapo umasanduka sandipepala, penti imatha, khungu lolimba lija limadyeka, madzi a dzinja n'kubweretsa dzimbiri, ndipo kadzenje ka dzimbiri kamodzi n'kokwanira.

M'malabotale amayesa dzimbiri ndi nkhungu ya madzi a mchere wa magawo 5 pa 100, pa kutentha kwa madigiri 35, motsatira ndondomeko ya mayeso yotchedwa ISO 9227, chifukwa kumayiko ozizira amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Kuno mchere wotero kulibe, ngakhale galimoto yochokera ku Britain kapena kumpoto kwa Japan imatha kufika dzimbiri lake litayamba kale. Chathu ndi dothi. Choncho gulu lachinayi lisendezedwe 10 mm monga lachiwiri, koma m'mbale yapansi muzithira supuni ziwiri za mchenga wosefa wonyowetsedwa nthawi iliyonse mwaimitsa makina, muyezo womwewo, mchenga wa mulu womwewo. Kusiyana kwa gulu lachiwiri ndi lachinayi ndiye mtengo wa matope.

Kuwerenga zimene zathyoka

Nambala ya pa chowerengera ndi theka chabe la yankho. Theka linalo lili pa chidutswa. Musalumikize mbali ziwiri zothyokazo kuti muone ngati zikugwirizana, mudzafufuta umboni. Zikulungeni padera m'pepala louma.

Lembani malo: mikombero ingati kuchokera pansonga yapansi, koloko yanji, ndiponso ngati mng'alu unayambira mkati mwa mkombero, kunja, kapena kunsi kogona m'mbale. Ndi galasi lokuzira mudzaona kachigawo kosalala kooneka ngati chikhadabo, nthawi zina kokhala ndi timizere tozungulira ngati m'mphepete mwa nyanja madzi akaphwera. Pakati pa timizereto ndi pomwe zinayambira. Gawo lotsalalo, lokhakhala, ndi limene linathyoka kamodzi n'kamodzi, ndipo kawirikawiri limadutsa mopingasa ndi madigiri 45. Ngati kachikhadaboko kali mkati mwa mkombero, mbali imene katundu anathawako, masamu anu aja atsimikizika. Ngati kali kunsi pomwe penti yanyuka, wapha ndi kusisitika. Ngati masipuling'i onse a mbali imodzi ya mtanda akuthyokera malo amodzi posatengera gulu, wapha ndi makina anu, ndipo zotsatirazo n'zotaya.

Pa gulu lililonse ndandalikani manambala kuyambira wamng'ono, mutenge wapakati (pa manambala asanu ndi imodzi, pakatikati pa wachitatu ndi wachinayi). Musaphatikize n'kugawa, chifukwa imodzi yokhalitsa modabwitsa imakoka gulu lonse n'kulikongoletsa. Zopulumuka zija ziikeni kumapeto kwa mndandanda ndi chizindikiro, osazitaya komanso osazilemba ngati zinathyoka pa 500,000. Onaninso wamng'ono kwambiri pagulu, popeza pamsewu amene amagwetsa galimoto m'ngalande ndi iyeyo. Amene akulemba lipoti la kusukulu agwiritse ntchito njira ya Weibull, imene imadziwa kuwerengera zopulumuka.

Yembekezerani kuti moyo udzatsika msanga kuposa mmene stress yakwerera. Pa chithunzi cha Wöhler maulendo amagwa motsatira stress yochulukitsidwa yokha kangapo. Tingoyerekeza kuti ndi kasanu: 1.25 kuchulukitsa yokha kasanu ndi 3 ndi pang'ono, ndiye kuti 15 mm ija yadya magawo awiri mwa atatu a moyo wa sipuling'i. Nambala yeniyeni ya masipuling'i anu ituluke m'magulu anu atatuwo. Koma manambala a magulu awiri akalowererana kwambiri, wamkulu wa gulu lino kuposa wapakati wa gulu linalo, nenani poyera kuti kusiyana sikunaoneke. Ndaonapo malipoti okoka mzere wokongola pakati pa timadontho tomwazikana ngati mapira otayika.

Pomaliza bwererani kugalimoto ndi zimene mwapeza. Pomanga, nsonga ya waya itsamire m'kamphako kake, kamuvi ka mbale yapamwamba kaloze kumene buku la galimotoyo likunena, labala long'ambika lisinthidwe, ndipo onani ngati masipuling'i alembedwa kuti lamanja ndi lamanzere kapena kumwamba ndi kunsi, chifukwa opindika aja akatembenuzidwa amakankhira shock mbali yolakwika. Zokwezera galimoto zimene anyamata amaika kuti isamagunde mabampu ziyeseninso pa pulesi paja musanazivomere, makamaka zolowetsa pakati pa mikombero, zimene zimapha mkombero umodzi n'kusiyira otsalawo ntchito yonse. Sipuling'i yodulidwa ndi moto kapena yowotcherera musataye nayo nthawi, moto unachotsa kale kulimba kwake.

Pa taxi ija tinasintha onse awiri akutsogolo pamodzi ndi malabala ake, n'kudontheza penti yoyera pomwe nsonga ya waya yakumana ndi mbale, kadontho kamodzi kogwira zonse ziwiri. Dalaivala tinamuuza abwere pakatha sabata. Mukatero mumangopinda chiwongolero mpaka kumapeto n'kuunika ndi tochi: kadontho kakagawika pawiri, sipuling'i yayenda m'mbale mwake ndipo strut iyenera kutsikanso.